Momwe mungaphunzirire kosi ya kulankhulana ndi maubale a anthu pa intaneti

Kosi imene makoleji amaitcha interpersonal communication imapusitsa anthu ambiri poyamba. Munthu akaona mitu yake, monga kumvetsera, mikangano, ubwenzi ndi banja, amati izi wakhala akuzichita chibadwire, ndipo amaipatsa nthawi yotsalira ku makosi ena. Amadzidzimuka malikisi oyamba akatuluka. Mphunzitsi sakuyesa ngati mumatha kucheza ndi anthu. Akufuna kuona ngati mungatenge kukambirana kumodzi kumene kunachitikadi, n'kukufotokoza mwatsatanetsatane, kenako n'kuonetsa ndi mfundo za m'buku chifukwa chake kunayenda momwe kunayendera. Woloweza maina a akatswiri popanda zitsanzo amakhoza mafunso osankha yankho koma amagwa pa zolemba, pomwe nthawi zambiri malikisi ochuluka a kosiyi amakhala pa zolembazo.

Musanalipire, ndi sabata yoyamba

Yambani mwatsimikiza kuti sukuluyo ndi yovomerezeka kumene mukufuna kukagwiritsa ntchito satifiketi yanu. Ku Malawi funsani ku National Council for Higher Education, ku Zambia kuli Higher Education Authority ndi Zambia Qualifications Authority, ku South Africa mapepala akunja amawaunika a SAQA. Ngati mukutenga kosi imodzi yokhayi kuti idzawerengeredwe ku digiri ya sukulu ina, funsani sukulu inayo musanalipire, ndipo yankho lake likhale lolemba.

Kenako werengerani nthawi moona mtima. M'makoleji a ku America, kosi ya makirediti 3 (kirediti ndi muyeso wa kukula kwa kosi) imawerengeredwa kuti idya maola pafupifupi 9 pa sabata kwa masabata 15 kapena 16. Kosi yomweyo ikapanikizidwa m'masabata 8, ntchito sichepa, ndiye kuti pafunika maola 16 mpaka 18 pa sabata. Munthu wapantchito amene alinso ndi banja asatenge makosi awiri opanikizidwa nthawi imodzi. Pa maola 9 aja, mungagawe chonchi: 3 owerenga mutu wa sabatayo, 1 la mavidiyo, 2 olemba ndi kuyankha anzanu pa discussion board (bwalo la pa intaneti lokambiranapo ophunzira), 2 a asayimenti yaikulu, ndi 1 lolemba m'kope limene tilifotokoze kutsogoloku.

Tsiku loyamba tsitsani syllabus, chikalata cha ndondomeko ndi malamulo a kosi, n'kuisunga pa foni ndi pa laputopu. Mufunemo zinthu zitatu: ntchito iliyonse ili ndi malikisi angati pa 100, lamulo la ntchito yochedwa likuti chiyani, ndipo nthawi yotsekera ikutsata wotchi ya dziko liti. Chachitatuchi chagwetsa anthu akhama. Malawi, Zambia ndi Mozambique ali patsogolo pa New York ndi maola 6 kuyambira pakati pa Malichi mpaka kumayambiriro a Novembala, ndi maola 7 miyezi yotsalayo, chifukwa kumeneko amasuntha mawotchi kawiri pachaka. Choncho 11:59 usiku wa Lamulungu ku New York ndi 5:59 kapena 6:59 m'mawa wa Lolemba ku Lilongwe. London ili pambuyo pathu ndi ola limodzi kapena awiri. Pa Canvas ndi pa Moodle, mapulogalamu amene masukulu amaphunzitsirapo pa intaneti, pali malo osinthira nthawi kuti masiku otsekera azioneka m'nthawi ya kwanu, ngati sukulu inalola. Ngakhale zili choncho, dziikireni nthawi yanu yotsekera, tsiku lathunthu isanakwane yeniyeni, kuti magetsi akazima kapena netiweki ikavuta mukhale ndi poyambira.

Za bandulo: vidiyo ndiyo imadya. Kalasi ya pa Zoom yoyatsa kamera ikhoza kutha pafupifupi 1GB pa ola, pomwe ya mawu okha imadya pang'ono kwambiri. Zimitsani HD, tsitsani mavidiyo ophunzitsira nthawi imene bandulo yanu ndi yotsika mtengo, ndipo funsani ngati pali transcript, chifukwa kuwerenga mawu a vidiyo n'kofulumira kuposa kuionera. Pulogalamu ya Moodle ya pa foni imalola kutsitsa zigawo za kosi n'kumaziwerenga popanda intaneti. Musalembe yankho lalitali m'kabokosi ka pa webusaiti. Tsamba likafa, zonse zimapita. Lembani mu Word kapena m'kope la pa foni, sungani, kenako kopani n'kumata. Buku likakhala lodula, funsani mphunzitsi ngati lakale pang'ono lingagwire ntchito, ndipo onani pa Open Textbook Library ndi LibreTexts pamene pali mabuku aulere a phunziroli.

Kope la zokambirana

Chida chachikulu cha kosiyi ndi kope wamba. Katatu pa sabata, lembani kukambirana kumodzi kumene mwaona kapena mwakhalamo, pasanathe maola ochepa chichitikireni. Kusakhale kwakukulu: kutsutsana mtengo pamsika, moni wa pa ntchito umene unazizira mosayembekezeka, uthenga wa pa WhatsApp umene wina anaumva molakwa. Gawani tsamba patatu. Mbali yoyamba lembani zimene kamera ikanajambula: ndani ananena chiyani, mawu ake enieni ngati mukuwakumbukira, anaima pati, anayang'ana kuti, anakhala chete nthawi yaitali bwanji. Mbali yachiwiri lembani zimene inu munaganiza kuti zikutanthauza. Mbali yachitatu isiyeni mpaka mutawerenga mutu wa sabatayo, ndipo mudzalembemo dzina la mfundo imene ikugwirizana ndi zomwe munaona, pamodzi ndi tsamba la buku.

Vuto limene limachitika pafupifupi kwa aliyense ndi kusakaniza mbali yoyamba ndi yachiwiri. "Anandiyankha mwamwano" si zimene munaona, ndi chigamulo chanu. Zimene munaona n'zakuti anayankha liwu limodzi, maso ali pa foni, n'kutuluka. Kulekanitsa ziwirizi ndi luso limene mitu yonse ya kosi imadalira, ndipo ophunzitsa amalizindikira msanga m'zolemba. Pofika sabata ya 8 mudzakhala ndi zitsanzo zoposa 20, ndipo simudzasowanso cholemba asayimenti ikabwera.

Mfundo zimene mudzakumana nazo

Mabuku amasiyana, koma mitu yoyamba imayambira pa zithunzi za momwe uthenga umayendera. Chakale ndi cha Claude Shannon ndi Warren Weaver cha m'ma 1948 ndi 1949, chimene chinachokera ku ntchito ya matelefoni: wotumiza, uthenga, njira, wolandira, ndi zosokoneza zimene amazitcha noise. Dean Barnlund mu 1970 anaonetsa kuti anthu awiri amatumiza ndi kulandira nthawi imodzi, chifukwa wolankhula amakhala akuwerenga nkhope ya womvera n'kumasintha mawu. Pa mayeso amakonda kufunsa mitundu ya zosokoneza. Jenereta yolira panja ndi mtundu wina, njala kapena mutu wopweteka ndi wina, kuganizira za ngongole pamene wina akulankhula ndi wina, ndipo mawu amene awirinu mukuwamva mosiyana ndi winanso. Pezani chitsanzo chanu pa mtundu uliwonse, osaloweza cha m'buku.

Mfundo imene imathandiza kwambiri polemba ndi ya Paul Watzlawick ndi anzake ya mu 1967, yakuti uthenga uliwonse uli ndi nkhani yake komanso umanena za ubale wa olankhulanawo. "Tseka chitseko" ndi "mungatitsekereko chitseko?" akupempha chinthu chimodzi, koma akunena zosiyana za amene ali wamkulu. Mikangano yambiri ya m'nyumba imaoneka ngati ya mbale kapena ya ndalama za ndiwo, pomwe chikukanganitsa anthuwo ndi funso lakuti ndani akulamula ndipo ndani akunyozedwa. Mukapeza zimenezi m'chitsanzo chanu, mwapeza ndime yabwino kwambiri ya pepala lanu.

Pa mutu wa kaonedwe ka anthu ena mudzaphunzira chizolowezi chimene Lee Ross anachitcha fundamental attribution error mu 1977: mnzathu akachedwa timati ndi waulesi, osaganizira kuti mwina minibasi inafa panjira. Mankhwala ake ndi perception checking, imene ili ndi masitepe atatu ndipo amaifunsa pafupifupi m'kosi iliyonse. Nenani zimene mwaona, perekani matanthauzo awiri otheka, funsani. Mwachitsanzo: "Achimwene, dzulo ndinakutumizirani uthenga m'mawa, munauwerenga koma simunayankhe. Kaya munatanganidwa ku ntchito, kaya pali chimene ndinakulakwirani. Chinachitika n'chiyani?" Imalephereka pamene matanthauzo onse awiri ali oipa, kapena pamene mawu ali bwino koma kamvekedwe kake n'ka mlandu.

Kumvetsera mabuku ambiri amakugawa m'magawo asanu: kulandira, kumvetsa, kukumbukira, kuunika ndi kuyankha. Chimene Carl Rogers ndi Richard Farson anachitcha active listening mu 1957 chimatsamira pa kubwereza m'mawu anu zimene wina wanena, pamodzi ndi momwe akumvera, musanapereke maganizo anu. Yesani ndi munthu wa pakhomo kwa mphindi 5: iye alankhule, inu musalangize, musafanizire ndi zanu, mungonena kuti "ngati ndakumvani bwino, chakupwetekani si ndalamazo koma kuti sanakuuzeni". Ambiri amalephera pa mphindi yachiwiri, pamene malangizo amatuluka okha. Lembani m'kope pamene munalepherera ndi chimene chinakukokani. Zimenezo ndi zimene mphunzitsi amafuna kuwerenga.

Pa za thupi ndi nkhope, Edward T. Hall anagawa mtunda wa pakati pa anthu panayi: mpaka masentimita 45 kwa okondana ndi a m'banja, kufika mita 1.2 kwa abwenzi, kufika mamita 3.6 pa za ntchito, ndi kupitirira apo polankhula kwa gulu. Miyeso imeneyi inachokera kwa anthu a ku America, ndipo iye mwini ananena kuti imasiyana ndi chikhalidwe. Chenjerani ndi manambala otchuka akuti mawu amanyamula 7 peresenti yokha ya uthenga, kamvekedwe 38, nkhope 55. Anachokera ku kafukufuku wa Albert Mehrabian wa mu 1967 amene ankayesa liwu limodzi limodzi losonyeza kukonda kapena kusakonda pamene mawu ndi nkhope zikutsutsana. Kuwalemba ngati lamulo la kulankhulana konse ndi kulakwitsa kumene ophunzitsa odziwa amachotsera malikisi.

Theka lachiwiri la kosi limalowa m'maubale enieni. Johari window ya Joseph Luft ndi Harrington Ingham ya mu 1955 ili ndi zigawo zinayi: zimene inu ndi ena mukudziwa za inu, zimene ena amaona koma inu simuona, zimene mumabisa, ndi zimene palibe akudziwa. Irwin Altman ndi Dalmas Taylor mu 1973 anafanizira kudziwana ndi kusenda anyezi, ndipo anasiyanitsa kuchuluka kwa nkhani zimene anthu amakambirana ndi kuzama kwake. Mutha kukambirana ndi mnzanu wa ku ntchito za mpira, ndale, mitengo ya chimanga ndi mvula kwa zaka zambiri osafika pa chimene chimakusowetsani tulo. Charles Berger ndi Richard Calabrese mu 1975 anafotokoza momwe anthu osadziwana amachepetsera kukayikira, ndipo mafunso athu akuti kumudzi n'kuti, mfumu yanu ndani, mumapemphera kuti, ndi zitsanzo zabwino zedi.

Masitepe 10 a Mark Knapp, 5 a kuyandikana ndi 5 a kutalikirana, amabwera kawirikawiri ngati asayimenti yaikulu: sankhani ubale umodzi, muutsate. Apa ophunzira amalakwitsa pawiri. Ena amakakamiza ubalewo kudutsa masitepe onse motsatana, pomwe maubale amadumpha, amabwerera, ena amakhala pa sitepe imodzi zaka. Ena amangotchula dzina la sitepe popanda umboni. Pa sitepe iliyonse onetsani kusintha kwa kalankhulidwe: pamene "ine" anasanduka "ife", pamene maina apadera anayamba, pamene nkhani zina zinayamba kupewedwa, pamene awiriwo anayamba kudziwiratu momwe mkangano uthere n'kusiya kuuyamba. Pambali pake ikani relational dialectics ya Leslie Baxter ndi Barbara Montgomery, yonena kuti mu ubale uliwonse muli zokokana zosatha: kufuna kukhala limodzi ndi kufuna ufulu, kuulula ndi kusunga, zozolowereka ndi zatsopano. Banja limene mmodzi ali ku Joni wina ali kumudzi, akulankhulana pa foni pokha, lingadzaze pepala lonse pa mfundo imeneyi.

Mutu wa mikangano ndi umene ophunzira amaukumbukira kosi ikatha. Kenneth Thomas ndi Ralph Kilmann mu 1974 anatchula njira zisanu: kulimbana kuti upambane, kupewa, kugonjera, kugawana pakati, ndi kufunira limodzi yankho lokomera onse. Musalembe kuti yomalizayi ndi yabwino nthawi zonse. Imafuna nthawi ndi kukhulupirirana, ndipo mwana akathamangira pamsewu palibe zokambirana. John Gottman, amene anafufuza mabanja kwa zaka zambiri ku University of Washington, anatchula makhalidwe anayi owononga ukwati: kudzudzula umunthu wa mnzako m'malo mwa chimene wachita, kunyoza, kudziteteza, ndi kutseka pakamwa n'kusiya kuyankha. Anapeza kuti kunyoza ndiko koopsa kuposa onse, komanso kuti mabanja okhazikika amakhala ndi mawu kapena zochita zabwino zisanu pa choipa chimodzi pamene akukangana. Mtima ukathamanga kwambiri, amalangiza kupuma mphindi zosachepera 20 n'kubwereranso ku nkhaniyo. Kubwererako n'kofunika, apo ayi kupumako kwasanduka kuthawa.

Mudzayesedwanso pa I-message ya Thomas Gordon: nenani momwe mukumvera, chimene chachitika, chifukwa chake, ndi pempho. M'malo mwa "inu simulabadira za ine", munthu anganene kuti "ndimada nkhawa mukafika pakati pa usiku osaimba foni, chifukwa ndimaganiza kuti mwakumana ndi zoopsa panjira, chonde muzindiuza mukaona kuti muchedwa". Cholakwika chofala ndi kuyamba ndi "ndikuona kuti" kenako n'kuponya mlandu womwe uja. "Ndikuona kuti ndinu odzikonda" sinasinthe kanthu.

Pamene buku silikugwirizana ndi kwanu

Mabuku ambiri a phunziroli analembedwa ku America, ndipo kafukufuku wochuluka anachitika pa ophunzira a m'mayunivesite a kumeneko. Buku lidzati kuyang'ana m'maso ndi chizindikiro cha chilungamo ndi chidwi. Kwathu mwana woleredwa bwino amatsitsa maso akamalankhula ndi wamkulu, ndipo mkamwini ndi apongozi ake amatalikirana mwadala chifukwa cha ulemu, osati chidani. Buku lidzati nenani zakukhosi kwa mwini nkhani pamaso. Kwathu nkhani yaikulu ya m'banja imapita kwa ankhoswe, ndipo kuiponya nokha pamaso pa akuluakulu kungaikulitse. Sitepe ya Knapp yomanga ubale poyera imaoneka ngati chisankho cha anthu awiri, pomwe chinkhoswe chimamanga mabanja awiri, amalume ali patsogolo.

Pali njira ziwiri zolakwika zochitira ndi zimenezi. Ina ndi kumeza buku lonse n'kulemba ngati makolo anu salankhulana bwino. Ina ndi kulitaya n'kunena kuti izi n'za azungu. Zonse ziwiri sizipatsa malikisi, ndipo sizikuphunzitsani kanthu. Chitani izi: fotokozani mfundoyo molondola monga momwe mwini wake anainenera, onetsani pamene ikugwira pa chitsanzo chanu, onetsani pamene ikulephera, kenako funani m'buku lomwelo mfundo ina yofotokoza kulepherako. Nthawi zambiri imakhalapo. Hall mu 1976 anasiyanitsa zikhalidwe zimene tanthauzo limakhala m'mawu enieni ndi zimene tanthauzo lambiri limakhala m'malo, ubale ndi zosanenedwa. Mkulu amene wayankha ndi mwambi, kapena mlendo amene wati "tiona" pomwe onse amva kuti wakana, ali m'gulu lachiwirili. Stella Ting-Toomey, kuyambira m'ma 1980, anaonetsa ndi face negotiation theory kuti kupewa kukangana poyera kapena kudzera mwa munthu wachitatu kumakhala njira yosungira ulemu wa onse awiri. Ndime yotere imaonetsa kuganiza kwenikweni, ndipo anzanu a m'kalasi a ku maiko ena amaphunzirapo. Chenjezo limodzi: musalembe kuti "Amalawi onse" kapena "anthu a ku Africa" amachita chakuti. Wa ku Ndirande wa zaka 20 ndi agogo ake a ku Dedza salankhula mofanana. Nenani za anthu ndi malo amene mukuwadziwa.

Kulemba pa discussion board

M'makosi ambiri mumayenera kulemba yankho lanu pakati pa sabata, Lachitatu kapena Lachinayi, la mawu 200 mpaka 300, kenako n'kuyankha anzanu awiri pofika Lamulungu. Tsegulani rubric, ndondomeko ya kagawidwe ka malikisi, musanalembe, chifukwa ndi imene mphunzitsi amachongera. Yankho lolimba limayankha funso m'chiganizo choyamba, limatchula mfundo ndi tsamba lake, limapereka chitsanzo chimodzi chofotokozedwa bwino, ndipo limasiyira ena polowera. Chitsanzo chimodzi chozama chimaposa zitatu zongokhudza.

Poyankha anzanu, kungoyamikira kuti alemba bwino ndipo mukugwirizana nawo sikuwerengedwa. Bwerezani mfundo yawo m'mawu anu, onjezani chimene sanachione, funsani funso lenileni. Mukafuna kutsutsa, tsutsani mfundo, ndipo yambani ndi kuonetsa kuti mwawamvetsa. Kumbukirani kuti polemba palibe nkhope, palibe kamvekedwe. Nthabwala imene ikanaseketsa pamaso ikhoza kumveka ngati chipongwe, ndipo yankho lalifupi la munthu wa ku Ulaya likhoza kukupwetekani pomwe iye sanaganize choipa. Joseph Walther anaonetsa m'ma 1990 kuti anthu olemberana amatha kufika pa ubale wozama ngati okumana pamaso, koma zimatenga nthawi yaitali chifukwa zizindikiro zimabwera pang'onopang'ono. Choncho musamuweruze mnzanu pa uthenga umodzi. Uthenga umene mwaulemba mutakwiya ugone m'kope usiku umodzi musanautumize.

Chingerezi chisakuopseni. Ganizirani chitsanzocho m'chilankhulo chimene chinachitikira, ndipo polemba sungani mawu ofunikawo momwe analili n'kufotokoza tanthauzo lake. Kusintha kuchoka pa "inu" kupita pa "iwe" pakati pa mkangano ndi umboni wamphamvu wa uthenga wa ubale, koma Chingerezi sichikuonetsa pokhapokha inu mutakufotokoza.

Mapepala onena za moyo wanu

Kosiyi imakupemphani kulemba za anthu enieni, ndipo pamafunika nzeru. Sinthani maina ndi zizindikiro zina. Zimene mwaika pa discussion board zimawerengedwa ndi kalasi yonse ndipo wina akhoza kuzijambula, choncho za matenda, za kuchipinda, za milandu ndi za ndalama za abale zisapite kumeneko. Sankhani ubale umene mutha kuuona modekha. Chilonda chatsopano, monga banja limene likutha mwezi womwewo, chimabala pepala lodandaula losati lofufuza. Palibe mphunzitsi woyenera kukukakamizani kuulula zimene simukufuna. Pemphani kugwiritsa ntchito chitsanzo china, monga cha mufilimu. Ndipo ngati powerenga za nkhanza ndi kulamulirana mwazindikira za m'nyumba mwanu, dziwani kuti njira za m'buku zothetsera mikangano sizinapangidwire ubale umene wina akumenyedwa kapena kuopsezedwa. Pamenepo pafunika thandizo la anthu, monga a Victim Support Unit ku polisi kapena mlangizi wa pa sukulu yanu.

Asayimenti ikafuna kufunsa munthu mafunso kapena kujambula kukambirana, pemphani chilolezo musanayatse foni, muuzeni amene adzamve, ndipo fufutani fayiloyo kosi ikatha. Pa kalembedwe, makosi ambiri a phunziroli amafuna APA: mizere yotalikirana kawiri, malire a masentimita 2.54 mbali zonse, dzina la wolemba ndi chaka m'kati mwa ndime, ndi nambala ya tsamba mukatenga mawu ake enieni. Zimene munthu anakuuzani pakamwa zimatchulidwa m'ndime mokha, sizilowa pa mndandanda wa mabuku kumapeto. Pa ndime iliyonse yofufuza, gawo limodzi likhale la nkhani, magawo awiri a kufotokoza. Pepala limene masamba atatu ndi nkhani ndipo mfundo zabwera m'ndime yomaliza limapeza malikisi apakati ngakhale nkhaniyo ikhale yogwira mtima.

Masukulu ambiri amadutsitsa mapepala mu Turnitin, imene imafananiza ndi za pa intaneti ndi za ophunzira ena. Za AI, mapulogalamu a kompyuta olemba okha, tsatani zimene syllabus yanena. Pambali pa lamulo, pepala lolembedwa ndi makina likhoza kudziwika msanga m'kosi ino, chifukwa zitsanzo zake zilibe malo, zilibe mawu enieni a munthu.

Ntchito ya pagulu, vidiyo ndi mayeso

Gulu la pa intaneti limafa chifukwa cha chete wa masiku oyamba, aliyense akudikira wina. Lembani inuyo tsiku loyamba. Pa msonkhano woyamba gwirizanani zinthu zinayi n'kuzilemba: njira imodzi yolankhulirana, nthawi yoyankhira uthenga, mwachitsanzo maola 24, ndani achita chiyani pofika liti, ndi chimene mudzachite wina akasowa. Nenani poyera za nthawi ya kwanu ndi za magetsi, kuti kusowa kwanu kwa madzulo amodzi kusaoneke ngati ulesi. Msonkhano wa pa Zoom yaulere umaduka pa mphindi 40, choncho yambani ndi nkhani yovuta. Wina akasowadi, mulembereni payekha ndi masitepe atatu aja a kufunsa, kenako pagulu, ndipo mphunzitsi adziwe nthawi ikadalipo, muli ndi umboni wa mauthenga.

Pojambula vidiyo ya kuyeserera kumvetsera kapena kuthetsa mkangano, ikani foni chopingasa pamalo osagwedezeka, molingana ndi maso, kuwala kuchokere kutsogolo kwanu. Nonse awiri muoneke kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba, chifukwa mphunzitsi akuchonganso manja ndi kakhalidwe. Jambulani masekondi 20 oyesera n'kumvetsera mawu musanayambe zenizeni. Ikani kamera pa 720p kuti fayilo isakule, ndipo musadikire usiku wotsekera kuti muitumize.

Mafunso a mayeso nthawi zambiri amapereka kankhani n'kufunsa mfundo yogwirizana nako. Choncho powerenga lembani timakadi, kutsogolo dzina la mfundo, kumbuyo tanthauzo m'mawu anu ndi chitsanzo cha m'kope lanu. Limbikirani pa mfundo zofanana zimene zimasokoneza, monga kugonjera ndi kugawana pakati, kumva ndi kumvetsera, kuchuluka ndi kuzama kwa kuulula. Ngati mayeso ndi oyang'aniridwa pa kamera, yesani pulogalamuyo masiku angapo isanafike nthawi, tchajani zonse, konzani netiweki yachiwiri pa foni ina, ndipo chotsani mapepala patebulo kuti asaoneke ngati likasa. Intaneti ikaduka pakati, jambulani sikirini yoonetsa nthawi, lowaninso msanga, ndipo lemberani mphunzitsi imelo nthawi yomweyo kuchokera pa adiresi ya sukulu. Pamutu pa imeloyo ikani nambala ya kosi ndi dzina la mayeso, m'kati nenani chimene chachitika ndi nthawi yake, matani chithunzicho, ndipo pemphani chinthu chimodzi chomveka, kaya kutsegulidwanso kwa mayeso kaya tsiku lina lolembera.